Mmene Mpingo Ungabwererere M'tchalitchi Mliri Ukatha

Ndine mlembi wa mpingo wina kunja pang'ono kwa tauni ya Chipata, ndipo buku la mayina a akhristu limagona m'nyumba mwanga. Ndikanena kuti anthu sanabwerere onse mliri wa Covid-19 utazilala, ndikunena zimene ndinawerenga ndi chala changa, dzina ndi dzina. Boma litachotsa ziletso mu Okutobala 2021, tinasesa, tinapukuta mabenchi, tinaimba belu, mtima uli m'malo kuti tchalitchi chidzaza monga kale. Sichinadzaze. Kumbuyo kumene amakonda kukhala achinyamata kunali anthu owerengeka, ndipo mbali ya amayi inali ndi mipata m'malo amene tonse tinkadziwa eni ake.

Kumbukirani mmene zinayendera. Pa 18 Malichi 2020 boma linalengeza kuti anthu awiri oyamba apezeka ndi kachilomboka muno m'Zambia, ndipo pa 20 Malichi masukulu anatsekedwa. Chakumapeto kwa Epulo Pulezidenti Edgar Lungu analola kuti mapemphero ayambirenso motsatira malamulo a zaumoyo. Kenako mu Juni ndi Julaye 2021 matenda anakolera kuposa kale, mapemphero anafupikitsidwa kufika pa ola limodzi, ndipo pamaliro sipankaloledwa anthu opitirira 50. Chinali chaka ndi theka cha tsegula, tseka, tsegula. Munthu amene wakhala pakhomo Lamlungu m'mawa kwa nthawi yaitali chotero sanyamuka chifukwa chongomva belu. Amafuna munthu woti amulondole.

Malangizowa ndalembera akulu a mpingo, atumiki, amayi a Chigwirizano (bungwe la amayi mu mpingo), atsogoleri a miphakati (magulu ang'onoang'ono opemphera m'madera) ndi aliyense amene angadzapatsidwe makiyi a tchalitchi pambuyo pa mliri. Tisaganize kuti zinathera pomwepo. Kolera inatikumbutsa kale, ku Vubwi kumayambiriro kwa 2023, ndiponso ku Lusaka kuyambira kumapeto kwa chaka chomwecho mpaka mu 2024, pamene bwalo la masewera la Heroes linasandutsidwa malo ogonekamo odwala.

Choyamba, khalani pansi belu lisanalire

Itanitsani bwalo la akulu kudakali milungu iwiri kapena itatu tsiku lotsegulira lisanafike. Patebulo pakhale makalata awiri, ya Unduna wa Zaumoyo ndi ya kulikulu la mpingo wanu, kaya ndi sinodi kaya ndi dayosizi. Muwawerenge mokweza onse akumva, chifukwa mikangano yambiri imene ndinaiona inkayamba ndi mawu akuti "ine ndinamva pa wailesi". Tumaninso munthu kukiliniki yapafupi akapemphe wa zaumoyo kuti adzaone nyumbayo, zimbudzi ndi potunga madzi.

Sankhani kagulu ka anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi koyendetsa ntchito yonse. Musaike abambo okhaokha. Mukhale mayi wa Chigwirizano, wachinyamata mmodzi, namwino kapena mphunzitsi ngati muli naye, ndi munthu wochokera kudera lakutali kwambiri ndi tchalitchi, chifukwa amene amapalasa njinga ola lathunthu amaona zimene ife oyandikira sitiona. Mugwirizanenso kuti zolengeza zonse zizituluka pakamwa pa munthu mmodzi.

Chachiwiri, tsegulani buku la mayina ndipo munyamuke

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndikhalitsapo.

Tengani buku la mayina, muitane mkulu wa dera lililonse, muwerenge dzina limodzi limodzi. Pa dzina lililonse funso ndi lakuti, kodi munthuyu ali kuti, ndipo ndani wamuona ndi maso mwezi uno? Musalole yankho lakuti "ayenera kuti alipo". Mukatero mudzapeza kuti osowawo sali gulu limodzi. Ena anamwalira. Ena anasamuka ntchito itatha, wina kupita kumudzi, wina ku Lusaka, winanso amene ankadalira malonda a pachipata cha Mwami anakafuna moyo kwina. Awa alembereni kalata yosamukira kuti akalandiridwe kumene ali. Ena ndi okalamba ndi odwala shuga, mtima kapena chifuwa, amene akuopabe khamu la anthu, ndipo mantha awo ali ndi chifukwa. Ena analowa mpingo wina umene unkawayendera ife titakhala chete. Amenewa musakangane nawo, apatseni moni wabwino, muwauze kuti chitseko sichinatsekedwe. Otsala ndi amene akuchita manyazi ndi amene anakhumudwa nafe, ndipo awa ndiwo ofunika mapazi anu msanga.

Pitani awiriawiri, bambo ndi mayi ngati n'kotheka. Nyengo ya dzinja musapite m'mawa, anthu amakhala kumunda, pitani chakumadzulo atapuma. Musanyamule khadi la zopereka kapena buku lililonse. Gogodani, odini, khalani pamene akulozerani, funsani za moyo, za ana, za mbewu. Mawu akuti "mwasowatu kutchalitchi" asakhale oyamba kutuluka, chifukwa kwa womva amamveka ngati mlandu. Funsani kuti, "Mwakhala bwanji nthawi yonseyi?" Mukafunsa mutseke pakamwa, mumvetsere.

Izi ndinaphunzira movutika. Kuli ambuya ena amene zaka zambiri ankakhala pa benchi yachiwiri. Amuna awo anamwalira mu Julaye 2021, ndipo chifukwa cha lamulo la anthu 50, a mpingo tinapita atatu okha, achibale atadzaza kale chiwerengero. Tchalitchi chitatsegulidwa ambuyawo sanaonekenso. Titawayendera ndinayamba ndi mawu omwe aja, "Ambuya, takusowani kutchalitchi." Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anati, "Ana anga, inenso ndinakusowani tsiku lija. Atate anu aja anayenda m'maliro a mudzi uno zaka zonsezi, koma pa awo panalibe ngakhale nyimbo imodzi." Ndinali ndi yankho, lakuti linali lamulo la boma, ndipo yankholo linali loona. Koma mayi amene ndinapita naye anandigwira dzanja kuti ndikhale chete, iye n'kunena kuti, "Ambuya, tinakulakwirani. Maliro atapita tikanabwera kudzakhala nanu, sitinabwere. Tikhululukireni." Lamulo linatiletsa kudzaza kumanda, koma silinatiletse kubwera awiri mlungu wotsatira. Pamenepo ndi pamene tinaperewera.

Choncho wokhumudwa akayamba kulankhula, musadziteteze. Pepesani pamene munalakwadi, pempherani naye ngati walola, ndipo potsanzika mufunse ngati mungabwerenso. Zolemba mukalembere kunyumba, osati pamaso pake, ndipo zimene wakuuzani zisakhale nkhani ya pachitsime. Musayembekeze kumuona Lamlungu lotsatira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambuya aja anabwera titawayendera kachitatu.

Chachitatu, konzani nyumba

Nyumba yotsekedwa imalowa alendo: mileme kudenga, mavu m'mazenera, chiswe m'mabenchi ndi m'mabuku a nyimbo. Itanani tsiku la ntchito, musese, mukolope, muyang'ane malata ndi mitanda ya denga mvula isanayambe.

Chinthu chimene ambiri tinachichedwera kumvetsa ndi mazenera. Kachilombo ka Covid-19 kamayenda kwambiri mu mpweya, makamaka m'nyumba yotsekeka modzaza anthu amene akuimba ndi kulankhula. Kupukuta mabenchi ndi kwabwino, koma zenera lotsegula limateteza kuposa nsanza. Zenera lililonse limene linachita dzimbiri likonzedwe kuti lizitseguka, ndipo zitseko zonse zikhale zotsegula mapemphero ali m'kati. M'miyezi ya Juni ndi Julaye kuno kumazizira, ndiye anthu adzafuna kutseka. Auzirenitu abwere ndi majekete ndi zitenje zofunda, ndipo ngati n'kotheka muyambe mochedwerako dzuwa litakwera. Anthu akachuluka, gawani mapemphero pawiri, kapena ana apite pansi pa mtengo. Malamulo akanena za kutalikirana, mita imodzi muiyeze ndi chingwe, mulembe ndi choko pabenchi, musangoyerekeza.

Pakhomo lililonse pakhale ndowa ya mpopi ndi sopo, ina pafupi ndi chimbudzi. Kugula ndowa n'kosavuta, chovuta n'kuti mukhale madzi. Lembani mayina a otunga madzi mwezi wonse, dera ndi dera, ndipo sopo mumubowole mumumangirire chingwe. Ukakhala mliri wa kolera, maso anu akhale pa madzi akumwa, zimbudzi ndi chakudya cha pamisonkhano. Madzi athiridwe klorini motsatira muyezo wolembedwa pabotolo kapena awiritsidwe, ndipo zosamba m'manja m'beseni limodzi zithe, muzithirirana.

Chachinayi, lirani maliro amene simunawalire

Musathamangire chikondwerero chothokoza musanachite ichi. Kwathu kuno maliro ndi kugona pasiwa, kuimba usiku, kuperekeza, kukhala ndi ofedwa mpaka abale abalalike. Mliri unadula zonsezi, ndipo anthu ambiri anatsala ndi misozi imene inasowa potulukira.

Sankhani Lamlungu limodzi m'miyezi iwiri yoyambirira likhale lokumbukira onse amene anatisiya nthawi ya mliri, kaya anafa ndi matendawo kaya ndi zina. Musatchule chimene munthu anafa nacho, mabanja ena safuna. Yenderani banja lililonse pasadakhale, mupemphe chilolezo, mufunse katchulidwe koyenera ka dzina ndi mfunda, mufunsenso nyimbo imene malemuyo ankaikonda. Patsikulo abusa awerenge mayina modekha, banja liimirire dzina likatchulidwa, ndipo kwaya iimbe ndime imodzi. Ulaliki ukhale waufupi. Anthu akalira asiyeni alire, musaimbitse nyimbo yachangu pofuna kuwatontholetsa. Chipepeso chimene mpingo sunapereke nthawi ija chiperekedwe tsopano, ngakhale chikhale chochepa, ndipo banja likadzakonza chiliza mpingo udzapite mwaunyinji.

Kwathu, Lamlungu limenelo ndi limene tchalitchi chinayamba kudzaza. Kunabwera ngakhale achibale amene sanali a mpingo wathu.

Chachisanu, Mgonero, moni ndi masiki: sinthani chimodzi chimodzi

Apa pamabuka mikangano, chifukwa mukukhudza zinthu zimene anthu anakula nazo. Ena adzafuna kuti zonse zibwerere monga kale tsiku lomwelo. Ena adzati chikho chimodzi sadzamweranso. Onsewa ndi anu, ndipo palibe amene akulankhula zopusa.

Za Mgonero, yambani ndi zimene likulu la mpingo wanu lalamula, chifukwa si nkhani yoti mpingo umodzi udzipangire. Ngati mwapatsidwa ufulu wosankha, abusa afotokoze Lamlungu limodzi kapena awiri pasadakhale chimene chidzachitike ndi chifukwa chake. Munthu asadzidzimuke ali kale kutsogolo. Mukasankha tizikho ting'onoting'ono, ganiziraninso za otsuka, madzi otentha ndi posungira. Ogawa asambe m'manja anthu akuona. Okalamba ndi odwala amene sangafike, apititsireni Mgonero kunyumba, ndipo tsiku lake lilembedwe kuti lisaiwalike.

Za moni, sitikusowa njira. Makolo athu ankaomba m'manja ndi kugwira pamtima, ndipo ulemu unkakwanira. Nenani poyera kuti wofuna kugwirana chanza agwirane, wosafuna aombe m'manja, ndipo pasakhale wodandaula. Chimodzimodzi masiki. Lamulo likatha, wofuna kuvala avalebe, ndipo mawu akuti "alibe chikhulupiriro" asamveke, makamaka kuguwa. Amene ali ndi chimfine kapena akutsokomola auzidwe mwachikondi kuti kukhala kunyumba Lamlungu limenelo si tchimo.

Katemera wa Covid-19 anayamba kuperekedwa muno mu Epulo 2021, ndipo mphekesera zinafika m'midzi iye asanafike. Ine ndinabayitsa ndipo ndinalimbikitsa anzanga. Koma sindikugwirizana ndi zoimitsa munthu pakhomo la tchalitchi kumufunsa khadi, ngati boma silinalamule. Chimene chinathandiza kwathu ndi kuitana namwino mapemphero atatha, anthu n'kumufunsa mafunso awo onse, ngakhale aja ooneka achibwana, iye n'kumayankha mosanyoza. Akulu akabayitsa poyera, ena amatsatira.

Kwaya iyambe kuphunzirira panja, ndipo Lamlungu iime pafupi ndi khomo kapena zenera.

Chachisanu ndi chimodzi, ana ndi achinyamata

Sande sukulu ndi kalasi ya katekisimu zimafa msanga ndipo zimadzuka mochedwa, chifukwa aphunzitsi ake ndi odzipereka chabe. Ayendereni aphunzitsiwo musanalengeze tsiku, mumve ngati akadali okonzeka. A kalasi amene maphunziro awo anadukira panjira musawabweze poyambira, ayeseni pamene anafika, apitirize.

Pali nkhani ina yolemera. Masukulu atatsekedwa, atsikana ena anatenga mimba, ena anakwatiwa akadali ana, ndipo anyamata ena analowa mowa. Ambiri mwa iwo sakubwera chifukwa akudziwa kuti chowayembekezera ndi bwalo. Sindikunena kuti mwambo wa mpingo uthe. Ndikunena kuti munthu woyamba kufika pakhomo pa mtsikana wotere akhale mayi wa Chigwirizano wonyamula sopo ndi thewera, osati kalata yoitanira kubwalo. Kuyambira 1997 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, ndipo kuyambira Januwale 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere mpaka kusekondale. Makolo ambiri amachita ulesi kapena manyazi kukaonana ndi aphunzitsi aakulu. Mkulu wa dera awaperekeze. Mwana amene mpingo wamuthandiza kubwerera kusukulu savuta kubwerera kutchalitchi.

Achinyamata apatseni ntchito yeniyeni: zokuzira mawu, kujambula ulaliki pa foni, kutengera okalamba panjinga. Amene ali ndi ntchito Lamlungu sagona mpaka dzuwa kutentha.

Chachisanu ndi chiwiri, zimene munaphunzira musazitaye

Nthawi ya mliri tinakakamizika kupemphera m'magulu ang'onoang'ono m'madera, ndipo anthu amene sanatsegulepo pakamwa m'tchalitchi chachikulu anayamba kutsogolera pemphero. Abale athu a Katolika ali ndi miphakati kuyambira kale, ndipo anapirira bwino chifukwa cha iyo. Mapemphero a m'madera apitirire pakati pa mlungu, ndipo atsogoleri atsopanowo musawabweze kubenchi.

Gulu la WhatsApp likhalepo, koma likhale ndi woyang'anira ndi lamulo lomveka: zolengeza, maliro, odwala ndi ulaliki, osati mankhwala a mphekesera kapena ndale. Ulaliki muzitumiza wa mawu okha, chifukwa vidiyo imadya bandulo. Kumbukiraninso kuti ambiri mwa okalamba athu alibe foni yotere. Iwo ankadalira wailesi, monga Radio Maria ndi Breeze FM za pano pa Chipata, ndiponso mdzukulu wowauza zimene zalengezedwa. Uthenga uliwonse wopita pa foni upitenso pakamwa kudzera kwa mkulu wa dera. Ndipo foni isalowe m'malo mwa mapazi. Wodwala amene walandira ulaliki pa WhatsApp akufunikabe kuona nkhope.

Chachisanu ndi chitatu, ndalama

Thumba lidzakhala lopepuka, ndipo msungichuma adzafuna kuwerenga mayina a amene ali ndi ngongole ya zopereka. Mukanizeni. Ife tinachita zimenezi kamodzi, ndipo bambo wina amene ntchito inamuthera nthawi ya mliri anatuluka mapemphero asanathe. Zinatitengera miyezi kuti timubweze. Bwalo ligwirizane kuti zotsalira za nthawi ya mliri zafafanizidwa, aliyense ayambe pamene ali. Uzani mpingo zoona zake: zimene zinalowa, zimene zinatuluka, zimene abusa sanalandire. Anthu akaona chiwerengero choona amapereka. Alimi alandireni ndi zimene ali nazo pa masika, chimanga, nshawa, soya, nkhuku.

Ngati munayamba kulandira zopereka pa Airtel Money kapena MTN, pitirizani, koma nambala ikhale ya mpingo, osati ya munthu, ndipo anthu awiri aziona mauthenga olowa n'kulemba m'buku mlungu uliwonse. Ntchito yomanga iyambe yadikira. M'chaka choyamba ndalama zipite kwa amasiye, ana amasiye ndi sopo.

Chomaliza, lembani pepala la mawa

Pakatha miyezi itatu, kagulu kaja kakhalenso pansi ndi buku la mayina, muone amene abwera, amene sanabwere, ndi amene akufunika ulendo wina. Tsiku lomwelo lembani pepala limodzi loti adzagwiritse ntchito amene adzakhale pa mipando yanu mliri wina ukadzagwa. Lathu lili ndi nambala ya foni ya kukiliniki, dzina la wolengeza, mayina a okalamba ndi odwala a dera lililonse pamodzi ndi wowayendera, malo amene tasunga ndowa, ndi lamulo limene tinaonjezera chifukwa cha ambuya aja, lakuti maliro akachitika anthu ali oletsedwa kusonkhana, akulu awiri ndi amayi awiri azifika pakhomo pa ofedwa mlungu usanathe, ngakhale akakhale pabwalo motalikirana. Pepalalo tinalimata m'kati mwa chikuto cha buku la mayina, ndipo lina lili kwa abusa.